Mafunso ndi Mayankho: Kudziwa Liwiro la Timer ya Purosesa Polemba Kernel kapena Firmware

Aliyense amene analembapo kernel yakeyake (mtima wa operating system), bootloader kapena firmware amafika tsiku limene akufuna kuti makina adikire mamilisekondi 10 asanachite china. Apo m'pamene amazindikira kuti purosesa ili ndi kauntala yowerenga mosalekeza, koma kauntalayo sinena kuti sekondi imodzi ikwana manambala angati. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri pa nkhaniyi, ndipo ndayankha monga momwe ntchitoyi yandiphunzitsira.

Tikati liwiro la timer, tikunena chiyani kwenikweni?

Timer ndi kauntala chabe. Nthawi iliyonse crystal ya pa bodi (kachipangizo kotulutsa kugunda kwa magetsi pa liwiro lokhazikika) ikagunda, kapena dera lina lochulukitsa kugundako likagunda, nambala ya mu kauntala imakwera ndi imodzi, kapena kutsika ndi imodzi ngati ndi kauntala yowerenga chobwerera. Liwiro lake ndi kuchuluka kwa kugunda kumeneku pa sekondi imodzi, ndipo timakulemba mu Hz. Kauntala ya 24 MHz imagunda ka 24,000,000 pa sekondi.

Vuto lagona apa: kauntala sidziwa liwiro lake. Nambala ya liwiro mumaipeza m'njira ziwiri zokha. Mwina wina anailemba penapake kuti muiwerenge, kaya ndi wopanga purosesa, wolemba firmware kapena hypervisor (pulogalamu yoyendetsa ma virtual machine). Apo ayi mumayeza nokha, poyerekeza kauntalayo ndi wotchi ina imene liwiro lake mukulidziwa kale. Njira yoyamba ndi kukhulupirira mawu a munthu, yachiwiri ndi kuitana mboni. Ine ndimati kernel yabwino izichita zonse ziwiri, ndipo zikasiyana izilankhula poyera.

Si liwiro lomwe lija lolembedwa pa bokosi la purosesa?

Ayi, ndipo kusokoneza ziwirizi kwagwetsa anthu ambiri. Liwiro limene purosesa imagwirira ntchito limasinthasintha: likatentha limatsika, ntchito ikachuluka turbo imalikweza, makina akangokhala limagwa kuti magetsi asawonongeke. Timer yoyezera nthawi siyenera kutsatira zimenezo.

Kale pa x86 zinali zosakanikirana ndithu. Kauntala ya mkati mwa purosesa yotchedwa TSC (Time Stamp Counter), imene inabwera ndi Pentium mu 1993 ndipo imawerengedwa ndi lamulo la RDTSC, poyamba inkawerenga kugunda kwenikweni kwa purosesa. Liwiro likatsika, nayo inkachedwa. Purosesa ikagona tulo tofa nato, inkaima. Mapurosesa a masiku ano ali ndi TSC yosasintha, ndipo mungatsimikize pofunsa CPUID, lamulo lofunsira purosesa za iyo yokha, pa 0x80000007: bit 8 ya rejisita ya EDX ikakhala 1, TSC imayenda pa liwiro limodzi kaya purosesa ikuthamanga kaya ikugona. Pa Linux zimenezi zimaoneka mu /proc/cpuinfo ngati constant_tsc ndi nonstop_tsc. Bit imeneyi ikakhala 0, musadalire TSC posunga nthawi.

N'chifukwa chiyani kompyuta imodzi ya x86 ili ndi ma timer ambirimbiri?

Chifukwa m'badwo uliwonse unabwera ndi yake, ndipo yakale sinachotsedwe poopa kuti mapulogalamu akale angafe.

Yakale koposa ndi PIT, chipangizo cha Intel 8253 chimene kenako chinalowedwa m'malo ndi 8254. Liwiro lake ndi 1.193182 MHz, nambala yooneka yopanda mutu mpaka mutamva kumene inachokera. Pamene IBM inkapanga PC yoyamba mu 1981, inaika crystal imodzi ya 14.31818 MHz, yomwe inali yotsika mtengo chifukwa inkapangidwa yambiri ya ma TV a mtundu wa NTSC. Kuigawa ndi 4 kunkapereka 3.579545 MHz ya mitundu ya pa TV, kuigawa ndi 3 kunkapereka 4.77 MHz ya purosesa, ndipo kuigawa ndi 12 kunkapereka 1.193182 MHz ya PIT. Zaka zoposa 40 zadutsa, ma TV aja anatha, koma nambalayo ikadali nafe. Kauntala ya PIT ndi ya ma bit 16, choncho nthawi yaitali imene ingawerenge ndi pafupifupi mamilisekondi 54.9. Ndiko kunachokera kugunda ka 18.2 pa sekondi kumene olemba mapulogalamu a DOS ankakudziwa pamtima.

Kenako kunabwera PM timer ya ACPI (dongosolo limene firmware imauzira kernel za zipangizo za kompyuta), ya 3.579545 MHz, mwana wa crystal yomweyo. Pambuyo pake Intel ndi Microsoft anakonza timer ina yotchedwa HPET. Mkati mwa purosesa momwe muli timer ya local APIC (chipangizo cholandira ma interrupt, zizindikiro zodukiza ntchito ya purosesa), imodzi pa core iliyonse, komanso TSC ija. Pambali pali RTC, wotchi yosunga tsiku ndi ola, yoyendera batire ndi crystal ya 32.768 kHz. Mwa zonsezi, PIT ndi PM timer zili ndi liwiro lokhazikika lodziwika kale, HPET imanena yokha liwiro lake, pomwe TSC ndi timer ya APIC, zimene timazifuna kwambiri chifukwa zimawerengeka mwachangu, ndi zimene zimabisa liwiro.

Kodi purosesa singandiuze yokha liwiro la TSC?

Za Intel zatsopano zimatha. Funsani CPUID pa 0x15, mutayamba mwaona kaye pa 0 kuti purosesayo imafika pa nambala imeneyo. Imabweza zinthu zitatu: ECX ndi liwiro la crystal mu Hz, EBX ndi nambala yochulukitsira, EAX ndi yogawira. Liwiro la TSC ndi ECX kuchulukitsa ndi EBX, kugawa ndi EAX.

Pali misampha iwiri. Woyamba: EBX ikhoza kukhala 0, kutanthauza kuti purosesayo sinena chilichonse. Wachiwiri ndi wokwiyitsa kwambiri: pa Skylake ndi Kaby Lake, EBX ndi EAX zimakhala zolondola koma ECX imabwera 0. Muli ndi chochulukitsira koma mulibe chochulukitsidwa. Crystal ya Skylake ya makompyuta wamba ndi 24 MHz, ya Atom Goldmont ndi 19.2 MHz, ndipo mungalembe mndandanda wotere mu kernel yanu, koma mndandanda umakalamba. Njira ina, imene Linux imatsata, ndi kutenga liwiro loyambira la purosesa pa CPUID 0x16, limene limabwera mu MHz mu EAX, n'kuwerengera chobwerera kuti mupeze crystal.

Chitsanzo chimodzi chimaonetsa bwino chifukwa chake nambala ya pa bokosi si yodalirika. Core i7-6700K inagulitsidwa ngati ya 4.0 GHz. Koma 4000 sigawika bwino ndi 24. Yankho ndi 166 ndi zotsala. Choncho chochulukitsira chake ndi 167, ndipo TSC imayenda pa 4008 MHz. Mukangolemba 4000 mu kernel, wotchi yanu izipitirira ndi magawo awiri pa 1000 aliwonse, omwe ndi pafupifupi mphindi zitatu pa tsiku.

Pa mapurosesa akale pang'ono, rejisita yapadera ya purosesa (MSR) ya nambala 0xCE ili ndi chochulukitsira pa ma bit 8 mpaka 15. Kuyambira Sandy Bridge mumachulukitsa ndi 100 MHz, pa Nehalem ndi 133.33 MHz. Imathandiza, koma 100 MHz imeneyo ndi ya papepala. Bodi zambiri zimagwedeza dala liwirolo pang'ono kuti zichepetse phokoso la magetsi, ndipo ena amalikweza okha mu firmware. Komanso kuwerenga MSR imene purosesa ilibe kumabweretsa general protection fault, ndiye onani kaye mtundu wa purosesa musanaigwire.

Nanga za AMD?

Musayembekezere kupeza yankho pa 0x15. Yezani.

Ndingayeze bwanji TSC pogwiritsa ntchito PIT?

Gwiritsani ntchito channel 2, imene kale inkaliza sipika, chifukwa mungaone mapeto ake mosavuta popanda interrupt. Panthawi imene mukufuna liwiroli, kawirikawiri ma interrupt amakhala asanakonzedwe n'komwe.

Werengani port 0x61, yatsani bit 0 kuti kauntala itseguke, zimitsani bit 1 kuti sipika isalire, n'kulembanso. Lembani 0xB0 pa port 0x43. Ameneyu akusankha channel 2, mode 0, ndi kulemba byte yam'munsi kenako yam'mwamba. Lembani nambala yowerengera pa port 0x42, mbali ziwirizo motsatana. Pa mamilisekondi 10 nambalayo ndi 11932. Mukangomaliza kulemba, werengani TSC. Kenako zungulirani mukuwerenga port 0x61 mpaka bit 5 itayaka, ndipo werenganinso TSC.

Tiyerekeze kuti TSC yakwera ndi 29,940,000. Chulukitsani ndi 1,193,182 n'kugawa ndi 11,932, mupeza pafupifupi 2,993,955,000 Hz. Onani kuti sindinangochulukitsa ndi 100. Ma tick 11932 si mamilisekondi 10 ndendende, ndipo palibe chifukwa chodzionjezera cholakwa chimene mukanachipewa.

Kumbukiraninso kuti RDTSC sidikira malamulo amene ali patsogolo pake kuti athe. Purosesa ikhoza kuithamangitsa msanga. Ikani LFENCE patsogolo pake, kapena gwiritsani ntchito RDTSCP.

Chenjezo limodzi lalikulu: makina ena atsopano a Intel amatseka wotchi ya PIT pofuna kusunga magetsi. Pamenepo bit 5 siidzayaka, ndipo kernel yanu idzangoti zii pachiyambi penipeni popanda uthenga uliwonse. Ikani malire a kuzungulira kuja, ndipo akakwana, pitani pa wotchi ina.

Ndiyeze kwa nthawi yaitali bwanji?

Apa pamafunika kamasamu pang'ono. Kuwerenga port yakale kamodzi kumatenga pafupifupi maikirosekondi imodzi, choncho simungadziwe nthawi yeniyeni imene bit ija inayaka kuposa pamenepo. Maikirosekondi imodzi pa mamilisekondi 10 ndi magawo 100 pa miliyoni, amene timalemba kuti 100 ppm. Wotchi yolakwa ndi 100 ppm imasochera masekondi 8.64 pa tsiku. Mukayeza kwa mamilisekondi 50, cholakwacho chimatsika kufika 20 ppm. Mukayeza kwa sekondi yathunthu, chimafika 1 ppm.

Koma palibe amene amafuna kompyuta yoima sekondi yonse nthawi iliyonse ikamayaka. Linux inathetsa nkhaniyi mwanzeru: imayeza mwachangu poyamba kuti ipeze nambala yogwirira ntchito, kenako makina ali kale pa ntchito imayezanso mwakachetechete kwa pafupifupi sekondi imodzi poyerekeza ndi HPET kapena PM timer. Ndi chifukwa chake mu dmesg, momwe mumaoneka mauthenga a kernel, mumaona mzere wina wonena liwiro limene yapeza, ndipo patapita kanthawi mzere wina wonena kuti yalikonza, manambala ake akusiyana pang'ono kumapeto. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekhako sikuyenera kuimitsa makina onse.

Nthawi zina ndimapeza nambala yotalikirana kwambiri ndi inzake. Chikuchitika n'chiyani?

Wina wakulandani purosesa mukuyeza. Ngakhale mutazimitsa ma interrupt ndi CLI, pali SMI, imene imatengera purosesa ku firmware popanda kernel kudziwa, ndipo simungaikane. Ikagwa pakati pa kuyaka kwa bit 5 ndi kuwerenga kwanu kwa TSC, nambala yanu imafufuma. Mu virtual machine zimachuluka koposa, chifukwa hypervisor ikhoza kuimitsa makina anu onse n'kupereka purosesa kwa wina.

Mankhwala ake ali pawiri. Yezani kangapo, ndi njira ya PIT ili pamwambayi, kusokonezedwa kawirikawiri kumakulitsa nambala, choncho tengani yaing'ono, osati ya pakatikati. Chachiwiri, powerenga wotchi ya mboni, itsekereni pakati pa ma RDTSC awiri. Ngati kusiyana kwa awiriwo n'kwakukulu kuposa mwa nthawi zonse, ndiye kuti china chinalowerera, ndipo kuwerengako kutayeni. Njira yachiwiriyi ndimaikonda kwambiri chifukwa simangoganizira. Mumaona ndi maso kuti kuwerenga uku kwadetsedwa.

HPET ndi PM timer, yabwino ndi iti pokhala mboni?

Zonse ziwiri zimaposa PIT chifukwa zimangowerenga chokwera osaima, ndiye mungayeze nthawi yaitali kuposa imene PIT imalola.

HPET mumaipeza kudzera mu tebulo la ACPI lotchedwa HPET; kawirikawiri imakhala pa 0xFED00000, koma werengani tebulo, musangoganiza. Rejisita yake yoyamba ili ndi ma bit 64, ndipo 32 am'mwamba amanena kutalika kwa tick imodzi mu femtosekondi. Gawani 10 ya mphamvu 15 ndi nambala imeneyo kuti mupeze Hz. Mukaona 69841279, ndi 14.31818 MHz yathu ija. Malamulo a HPET amati tick isapitirire mananosekondi 100, choncho mukapeza 0 kapena nambala yoposa 100,000,000, chipangizocho chili ndi vuto kapena mukuwerenga malo olakwika. Musaiwale kuyatsa bit 0 pa rejisita ya 0x10, apo ayi kauntala ya pa 0xF0 ingokhala phee.

PM timer ndi yosavuta koposa: adiresi yake ili mu tebulo la FADT, siifuna kuyatsidwa, ndipo liwiro lake silisintha. Chokhacho chofunika kusamala n'chakuti pa makina ambiri ili ndi ma bit 24 okha, ndiye imadzaza n'kubwerera pa 0 masekondi 4.69 aliwonse. Mukachotsera kuwerenga koyamba pa kwachiwiri, sungani ma bit 24 am'munsi okha ndi 0xFFFFFF, ndipo yankho likhala lolondola bola musadutse kuzungulira kumodzi.

Timer ya local APIC nayo ndiyeze?

Nthawi zambiri inde, koma mukakhala kuti TSC mwaidziwa kale, ntchitoyo ndi yochepa. Sankhani chogawira pa rejisita 0x3E0, lembani 0xFFFFFFFF pa 0x380, dikirani nthawi yodziwika ndi TSC, werengani zotsala pa 0x390. Kusiyanako ndi ma tick a nthawi imeneyo. Pa mapurosesa a Intel amene amayankha bwino pa CPUID 0x15, timer imeneyi imayendera crystal yomwe ija, choncho liwiro lake mulinalo kale.

Ndipo ngati bit 24 ya ECX pa CPUID 1 yayaka, pali njira yotchedwa TSC deadline. Mumangolemba pa MSR 0x6E0 nambala ya TSC imene mukufuna kuti interrupt ibwere. Palibenso liwiro lachiwiri loti muyeze. Kwa amene akuyamba kernel yatsopano lero, ndingalangize njira imeneyi pomwe ilipo.

Ndikuyesera kernel yanga mu virtual machine. Kodi zasintha?

Zasintha kwambiri. PIT ndi HPET za mmenemo si zipangizo zenizeni. Kuziwerenga kulikonse kumatulutsa purosesa kupita kwa hypervisor n'kubwerera, ndipo ulendowo ndi wautali komanso wosafanana. Kuyeza kumatheka, koma kumagwedera.

Ndi bwino kufunsa mwini nyumba. Bit 31 ya ECX pa CPUID 1 imakuuzani kuti muli pansi pa hypervisor, ndipo pa 0x40000000 mupeza dzina lake. VMware imapereka liwiro la TSC mu kHz pa 0x40000010. Hyper-V ili ndi MSR 0x40000022 ya liwiro la TSC ndi 0x40000023 ya timer ya APIC. KVM ili ndi kvmclock, pomwe hypervisor imalemba mu memory yanu manambala osinthira TSC kukhala mananosekondi, ndipo imawasintha makina anu akasamutsidwira pa kompyuta ina ya liwiro losiyana. Mfundo yomalizayi ndi yofunika: mu virtual machine, liwiro limene munapeza m'mawa likhoza kukhala lina madzulo.

Pa ARM akuti pali rejisita yonena liwiro. Ndiye palibe vuto?

Ilipo: CNTFRQ_EL0. Lamulo limodzi la MRS, liwiro lili m'manja. Raspberry Pi 3 imanena 19.2 MHz, Raspberry Pi 4 imanena 54 MHz, Apple M1 imanena 24 MHz, ndipo makina a virt a QEMU kwa zaka zambiri ankanena 62.5 MHz. Kuyambira Armv8.6 liwirolo linakhazikitsidwa pa 1 GHz, ngakhale kuti kauntala ikhoza kudumpha manambala angapo nthawi imodzi m'malo mogunda kabiliyoni kenikeni.

Koma tamverani bwino, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwa. CNTFRQ_EL0 siilamulira kauntala, ndipo kauntala siilemba mu CNTFRQ_EL0. Ili ngati kapepala kamene firmware imamata pakhomo kuti obwera pambuyo awerenge. Imalembedwa ndi pulogalamu yokhala pa mlingo wapamwamba koposa, kawirikawiri EL3, ndipo core iliyonse ili ndi yakeyake. Firmware ikaiwala, mupeza 0 kapena zinyalala. Ikalemba pa core yoyamba yokha, ma core enawo azinena zina.

Zinandichitikirapo pa bodi ina imene sindiitchula. Zonse zinkaoneka bwino, koma chilichonse chodikira nthawi chinkatha mochedwa pang'ono, ndipo ndinataya masiku awiri ndikufufuza mu scheduler. Pomaliza ndinangolemba kachizindikiro pa serial "sekondi" iliyonse n'kuyerekeza ndi wotchi ya pa mkono. Pa mphindi imodzi panatuluka zizindikiro 48 m'malo mwa 60. Firmware inkanena 24 MHz pomwe crystal inali ya 19.2 MHz, inakopedwa kuchokera ku bodi ina popanda kusintha mzere umenewo. Kuyambira pamenepo sindiyamba ntchito pa bodi yatsopano ndisanachite kayeso kameneka.

Ndi chifukwa cha firmware zotere kuti device tree, mndandanda wofotokozera kernel zipangizo za pa bodi, imalola kulemba clock-frequency pa node ya timer, ndipo Linux ikaipeza imatsata imeneyo. Olemba malamulowo amanena momveka kuti ndi yongopulumukira firmware yolakwika. Ngati firmware ndi yanu, konzani firmware. Powerenga kauntala yeniyeni, kaya CNTPCT_EL0 kaya CNTVCT_EL0, ikani ISB patsogolo, pa chifukwa chofanana ndi cha LFENCE chija.

Nanga RISC-V?

Kumeneko kulibe rejisita yonena liwiro. Kauntala mumaiwerenga ndi rdtime, koma liwiro lake lili mu device tree, pa node ya /cpus, pa dzina lakuti timebase-frequency. Pa makina ogwiritsa ntchito ACPI lili mu tebulo la RHCT. QEMU virt imapereka 10 MHz, SiFive FU540 imapereka 1 MHz, StarFive JH7110 imapereka 4 MHz, Allwinner D1 imapereka 24 MHz. Ambiri amalemba 10000000 mu kernel chifukwa ndi imene inagwira ntchito pa QEMU, ndiye tsiku lopita pa bodi yeniyeni ya 1 MHz chilichonse chimadikira nthawi yaitali kakhumi. Manambala a mu device tree amasungidwa byte yaikulu patsogolo, pomwe purosesayo imayamba ndi yaing'ono; mukaiwala kuwatembenuza mupeza liwiro losamveka.

Musasokoneze rdtime ndi rdcycle. Yachiwiriyo imawerenga kugunda kwa core, kumene kumasintha.

Pa tizipangizo ting'onoting'ono ta Cortex-M ndichite bwanji?

Apa inuyo ndi amene mumakonza liwiro, ndiye funso limatembenuka: kodi mukudziwa zimene munakonza? SysTick ndi kauntala ya ma bit 24 yoyendera wotchi ya core kapena wotchi ina imene wopanga chip anasankha. Ili ndi rejisita ya SYST_CALIB yomwe imayenera kunena ma tick a mamilisekondi 10, koma opanga ena amaisiya 0, ndipo ikakhala ndi nambala, nambalayo ndi ya liwiro limodzi lokha limene mwina si lanu. Ndi bwino kuwerengera kuchokera ku ma rejisita a PLL ndi zogawira zake. CMSIS ili ndi SystemCoreClock, koma imakhala yoona pokhapokha mutaitana SystemCoreClockUpdate mutasintha wotchi, komanso mutauza code liwiro lenileni la crystal ya pa bodi yanu.

Chizindikiro chodziwika n'chakuti UART ikutulutsa zilembo zosawerengeka: nthawi zambiri vuto si UART, ndi liwiro lolakwika limene munagawa. Dziwaninso kuti wotchi yam'kati ya RC imatha kusochera ndi 1 peresenti kapena kuposa kutentha kukasintha. Ngati bodi ili ndi crystal ya 32.768 kHz, ndiyo mboni yanu.

Liwiro ndalipeza. Ndisinthe bwanji ma tick kukhala mananosekondi?

Pali njira ziwiri zolakwika zimene zimabwera msanga m'mutu. Yoyamba ndi kupeza mananosekondi a tick imodzi ngati nambala yathunthu. Pa 24 MHz tick ndi 41.67, koma kugawa kwa ma integer kumapereka 41, ndipo wotchi yanu imatsalira mphindi 23 pa tsiku. Pa TSC ya 3 GHz yankho ndi 0, nthawi n'kuima. Yachiwiri ndi kuchulukitsa ma tick ndi 1,000,000,000 kenako n'kugawa. Masamu ake ndi olondola, koma ma bit 64 amadzaza ma tick akafika pafupifupi 18,400,000,000. Pa 3 GHz ndi masekondi 6 okha. Kauntala yokha ikanatha zaka pafupifupi 195 isanadzaze, koma kuchulukitsako kumaiphera pakhomo.

Njira yabwino ndi kuwerengera kamodzi nambala ziwiri, mult ndi shift. Sunthani 1,000,000,000 kumanzere ndi shift, gawani ndi liwiro, mwapeza mult. Kenako nthawi iliyonse chulukitsani ma tick ndi mult n'kusunthira kumanja ndi shift. Pa 24 MHz ndi shift ya 24, mult ndi 699050667. Palibe kugawa, kumene kumachedwa, ndipo cholakwa n'chochepetsetsa. Chulukitsani kusiyana kwa ma tick kuyambira pomwe munawerenga komaliza, osati kauntala yonse, kapena gwiritsani ntchito ma bit 128 ngati compiler yanu ili nawo.

NTP, njira yokonzera wotchi kudzera pa network, siingakonze zolakwa zanga zonse?

Imakonza kusochera kwachibadwa kwa crystal, kumene kumakhala ma ppm makumi angapo ndipo kumasintha ndi kutentha. Pa ntpd, pulogalamu yodziwika ya NTP, kukonza liwiro kumeneku kumalekezera pa 500 ppm. Cholakwa cha 4000 m'malo mwa 4008 chija ndi 2000 ppm, chadutsa kale malire kanayi. Komanso NTP imabwera mochedwa, network itadzuka. Driver wodikira chipangizo mamilisekondi 10 pa boot sangaidikire.

Ndingatsimikize bwanji kuti nambala yanga ndi yoona?

Yambani ndi chapafupi: yatsani Linux pa makina omwewo, onani liwiro limene dmesg ikunena, n'kuyerekeza ndi lanu. Pa /sys/devices/system/clocksource/clocksource0/current_clocksource muona wotchi imene yasankha. Ngati pa x86 yasiya TSC n'kutenga hpet kapena acpi_pm, ndiye kuti yaona china chokayikitsa pa TSC ya makinawo, ndipo ndi bwino mudziwe chimenecho musanaidalire.

M'kati mwa kernel yanu, dongosolo limene ndimatsata ndi ili. Ndimafunsa kaye hypervisor ngati ilipo, kenako CPUID kapena CNTFRQ_EL0 kapena device tree. Kenako ndimayezabe mwachidule ndi wotchi ina iliyonse imene ndapeza, ngakhale nambala yolembedwa ikuoneka bwino. Zikagwirizana mkati mwa 1 peresenti, ndimatenga yolembedwayo, chifukwa ilibe kugwedera kwa kuyeza. Zikasiyana, ndimalemba nambala zonse ziwiri pa serial ndi kumene iliyonse yachokera, n'kutenga yoyezedwa. Pa PC ngakhale RTC imathandiza: dikirani sekondi isinthe pa ma port 0x70 ndi 0x71, werengani kauntala, dikirani isinthenso, werenganinso. Imachedwetsa boot, choncho ndimaiyatsa poyesa pokha.

Ngati muli ndi oscilloscope kapena logic analyzer, yatsani ndi kuzimitsa pini imodzi ya GPIO milisekondi iliyonse malinga ndi timer yanu. Chipangizocho chiyenera kuonetsa 500 Hz. Chikaonetsa 400 Hz, gawani manambala awiriwo, ndipo yankho la 0.8 likuuzani komwe mungakafufuze: ndi 19.2 kugawa ndi 24.